Bungwe la Songwe liteteze antchito ake, koma khomo la khoti lisatsekedwe

Mtsinje wa Songwe ndiwo malire a dziko lino ndi Tanzania pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200, koma ndi malire osakhazikika. Ukatsika m'mapiri a ku Chitipa n'kulowa m'chigwa cha kwa Mwakaboko, mtsinjewu umayenda mokhotakhota, ndipo mvula ikachuluka umagumula gombe n'kudzitsegulira njira yatsopano. Mlimi amene anawokera mpunga wake ku Malawi amatha kudzuka tsiku lina m'mwezi wa Epulo n'kupeza munda uli kutsidya, madzi akudutsa pakati pa iye ndi thukuta lake. Anzathu a ku Kyela nawonso amaona zomwezo. Vuto limeneli ndi limene linakhazika maboma awiriwa pansi, ndipo atakambirana kwa zaka zambiri, mu Meyi 2017 anasainirana pangano lokhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira chigwa chonsechi, la Songwe River Basin Commission. Bungweli linayamba ntchito mu 2019, ndipo likulu lake lili ku Kyela, m'dziko la Tanzania.

Zimene zalonjezedwa n'zazikulu. Pali damu lopanga magetsi okwana mamegawati pafupifupi 180 oti mayiko awiriwa agawane, pali minda ya mthirira ya mahekitala oposa 6,000 tsidya lino ndi tsidya linalo, ndiponso pali ntchito yoweta mtsinjewo kuti uleke kusesa midzi ndi minda. Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, malo opangira magetsi a pa Wovwe, kufupi ndi kwathu kuno, amatulutsa mamegawati osafika 5. Choncho akuluakulu akabwera ku Karonga n'kumatchula za Songwe, anthu amawomba m'manja, ndipo sindiwadzudzula. Inenso magetsiwo ndikuwafuna.

Koma ife a ku Chilumba tili ndi chifukwa chofunsira mafunso ena amene sawombetsa m'manja. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, doko lathu linakonzedwa kuti katundu wochokera ku Dar es Salaam, kudzera ku Mbeya, azifikira pano n'kukwera sitima kupita ku Chipoka. Simenti anathira, zitsulo zinaima, matanki a mafuta anamangidwa. Mtendere utabwerera ku Mozambique mu 1992, chidwi cha akuluakulu chinabwerera kummwera, ndipo lero chimene chimadzaza anthu padoko pano ndi sitima ya Ilala ikafika. Tinaphunzira kuti simenti payokha siyendetsa chitukuko. Chimayendetsa ndi anthu amene alembedwa ntchito, malamulo amene akuwalamulira, ndi funso lakuti zinthu zikavuta ayankhe ndani. Madzi a Songwe amathera m'nyanja yomweyi imene timaphamo usipa. Ana athu amene akuphunzira zaumisiri ku Livingstonia ndi ku Mzuzu ndi amene adzakapemphe ntchito ku bungweli. Ndiye nkhani ya mmene likuyendetsedwera ndi yathu.

Mfundo yanga ndi iyi: wogwira ntchito ku bungwe la mayiko awiri ayenera kutetezedwa ku maboma onse awiri, ndipo chitetezocho chilembedwe poyera. Koma chitetezo chimenecho chisasanduke loko wotsekera khomo la khoti, kaya kwa wantchito mwiniyo akalakwiridwa, kaya kwa munthu wa m'mudzi amene bungwelo lamulakwira.

Tiyambe ndi chifukwa chake chitetezo chili chofunika, popeza ambiri akamva mawu amenewa amaganiza za mabwana oyenda m'magalimoto a nambala zachilendo amene apolisi a pamsewu sawaimitsa. Taganizirani mtsikana wophunzira za madzi, Mmalawi, wolembedwa ntchito ku Kyela. M'mawa amakweza kompyuta ndi zida zoyezera pagalimoto, n'kuwoloka mlatho wa pa Kasumulu kupita kukayeza madzi tsidya lino, madzulo n'kubwerera. Pagombe pali chitsulo chozikidwa m'madzi, chojambulidwa manambala, ndipo pali bambo wina wa m'mudzimo amene amawerenga chitsulocho m'mawa ndi madzulo n'kulemba m'kabuku, masamba ake atafewa ndi chinyezi. Manambala a m'kabuku kameneko ndi amene adzanene kuti madzi othirira alipo ochuluka bwanji, kuti ngalande ya tsidya liti itsegulidwe liti, ndiponso kuti gombe liti limangidwe poyamba. Mukamanga gombe la tsidya limodzi, madzi amakagunda tsidya linalo. Ndiye tsiku lidzafika, ndithu lidzafika, limene mtsikanayu adzalembe lipoti losakomera boma lina. Mwina lidzanena kuti alimi a tsidya la Tanzania akupatutsa madzi oposa amene anagwirizana. Mwina lidzanena kuti ndife, a Malawi, amene tadula mitengo m'mapiri n'kudzaza mtsinje ndi matope.

Tsiku limenelo, kodi mtsikanayu adzagona tulo? Ngati mkulu wina wa m'boma angathe kumuopseza ndi chilolezo chake chogwirira ntchito m'dzikomo, ngati kompyuta yake ingathe kulandidwa pachipata, ngati angathe kuimbidwa mlandu woti waulula zinsinsi za dziko chifukwa chojambula mapu a gombe, ndiye kuti lipoti lakelo lidzalembedwa ndi mantha. Ndipo ngati ali wobwerekedwa kuchokera ku unduna wa kwathu, wodziwa kuti zaka zitatu zikatha adzabwerera m'manja mwa bwana yemwe lipotilo lamukwiyitsa, manthawo ndi omwewo. Manambala olembedwa ndi munthu wamantha ndi amene amagwetsa madamu ndi kumiza midzi.

Izi sindikuzilota. Mu 2012 mkangano wa malire a panyanja unabuka mwamphamvu, boma lathu litapereka chilolezo chofufuza mafuta ku kampani ya Surestream chaka cha m'mbuyo mwake. Ife timagwira pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, lonena kuti malire ali pagombe la kutsidya. Anzathu amati malire adutse pakati pa nyanja. A Joaquim Chissano ndi a Thabo Mbeki anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, koma nkhaniyo sinathe mpaka lero. Mu Epulo 2025, dziko la Tanzania linaletsa mbewu zochokera ku Malawi pobwezera chiletso chimene boma lathu linaika pa katundu wina, ndipo amayi ochita malonda pachipata cha Songwe anaona okha mmene mawu a nduna ku Dodoma ndi ku Lilongwe amafikira msanga m'dengu la munthu wamba. Chiletsocho chinachotsedwa patangopita masiku ochepa. Koma chinationetsa kuti maboma awiriwa amatha kuyambana usiku umodzi. Akayambana, Mmalawi wogwira ntchito ku Kyela ndi Mtanzania woyeza minda kwa Kilupula asakhale chikole cha mkanganowo.

N'chifukwa chake mabungwe a mayiko angapo padziko lonse amapatsa antchito awo chitetezo pa zimene alankhula, alemba ndi kuchita pogwira ntchito ya bungwelo. Zikalata ndi makompyuta a bungwe salandidwa, ofesi yake silowedwa mwachisawawa, antchito amawoloka malire mosavutitsidwa. Dziko lathu lili ndi lamulo lake pa nkhani zimenezi, la Immunities and Privileges Act. Koma tisiyanitse bwino. Kazembe wa dziko lina, malinga ndi pangano la ku Vienna la 1961, sangamangidwe ngakhale pa mlandu wosakhudza ntchito yake. Chimenecho si chimene ndikupempha, ndipo sindingavomere kuti chiperekedwe kwa aliyense wa ku Songwe. Wantchito wa bungweli akagunda mwana ndi galimoto ataledzera pa Kaporo, akagwirira mtsikana, akaba dizilo, apite ku polisi ngati wina aliyense. Chotetezedwa ndi ntchitoyo. Ndipo chitetezo cha pa ntchitocho chisalekere kwa akuluakulu a maofesi ozizira okha. Dalaivala amene wanyamula zikalata, ndi bambo uja wa kabuku konyowa, nawonso ali pa ntchito ya mayiko awiri.

Tsopano tifike pamene pamandipweteka mtima kwambiri. Chitetezo chomwecho chimene chimatchinga boma kuti lisalowerere, chimatchinganso wantchito kuti asasumire bungwe limene lamulakwira. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wogwira ntchito ku bungwe la mayiko awiri amavumbwadi. Taganizirani dalaivala wa ku Uliwa amene wagwira ntchito zaka zisanu ku Kyela, kenako n'kulandira kalata yoti ntchito yatha, popanda kumumva mbali yake. Akanakhala kuti amagwira ntchito ku kampani ya m'dziko muno, njira ndi yodziwika: ku ofesi ya zantchito ku Karonga, zikakanika ku bwalo la milandu ya apantchito ku Mzuzu. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limamupatsa ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito, gawo 41 limamupatsa ufulu wofika ku khoti, ndipo lamulo la zantchito la 2000 limanena kuti munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka ndi mwayi wodziteteza. Ku Tanzania nako kuli bungwe lawo lomva madandaulo a apantchito, la Commission for Mediation and Arbitration. Koma bungwe la mayiko awiri likakhala ndi chitetezo, loya wake amangoimirira n'kunena kuti khoti lino lilibe mphamvu pa ife. Ku Mzuzu anena choncho, ku Mbeya anenanso choncho. Dalaivalayo wagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti ya maulendo awiri, ndipo mlandu wake palibe amene waumva ngakhale mawu amodzi.

Chigawo chathu chino chinalawa kale zimenezi. Bwalo la milandu la SADC, limene linali ku Windhoek, linkamvanso madandaulo a antchito a bungwelo, ndipo mlandu woyamba weniweni kulembetsedwa kumeneko mu 2007 unali wa zantchito, wobwera ndi Mmalawi. Bwalolo litagamula mu 2008 mlandu wa minda mosakomera boma la Zimbabwe, atsogoleri a mayiko analiimitsa mu 2010. Poliimitsa chifukwa cha ndale za minda, anatsekeranso panja alembi, madalaivala ndi akatswiri a SADC amene analibe kwina kodandaula. Panapita zaka zisanu kuti mu 2015 akhazikitse bwalo lina lapadera la antchito ku Gaborone. Phunziro lake ndi lakuti bwalo lomva madandaulo a antchito lisakhale chinthu choti nduna zikakwiya zitha kuchifafaniza pamsonkhano umodzi.

Ku Ulaya funso lomweli linafika ku bwalo la ufulu wa anthu la ku Strasbourg mu 1999, pa mlandu wa Waite ndi Kennedy, amene ankagwira ntchito ku bungwe la zamlengalenga la mayiko a kumeneko. Oweruza anati chitetezo cha bungwe n'chovomerezeka, koma chofunika kuyang'ana n'chakuti kodi wodandaulayo ali ndi njira ina yomveka yopezera chilungamo. Muyeso umenewu ndi wabwino, ndipo ndi umene tiyenera kuyezera bungwe la Songwe. Ngati likufuna kuti makhoti a ku Malawi ndi ku Tanzania asalikhudze, litionetse bwalo lina. Bwalolo likhale la oweruza oima paokha, mwina mmodzi wochokera dziko lino, wina ku Tanzania, wachitatu wosankhidwa ndi awiriwo. Lizikhala pafupi, ku Karonga kapena ku Kyela, osati ku Geneva kumene munthu wa malipiro ochepa sangafike. Lizimva Chichewa, Chitumbuka, Kyangonde ndi Chiswahili. Ndipo chigamulo chake chizimanga bungwelo, osati kukhala malangizo oti mlembi wamkulu wa bungwelo atsate akafuna. Komiti ya madandaulo yosankhidwa ndi bwana yemweyo amene wakuchotsa ntchito si khoti. Ngati bwalo lotere palibe, ndiye makhoti a zantchito a mayiko awiriwa akhale otsegula, basi.

Ena adzati ndikukulitsa nkhani, bungweli n'laling'ono, antchito ake ndi owerengeka. Ndi zoona kuti lero n'laling'ono. Koma damu likadzayamba kumangidwa, ndalama zidzabwera zochuluka, ndipo anthu adzalembedwa ambiri. Malamulo abwino amalembedwa anthu asanayambe kukangana. Ndalama zikangofika, aliyense amakoka chingwe kumbali yake.

Nkhani ya penshoni ndiyo yoti tiimepo pang'ono, chifukwa kutsidya kwa Songwe komweko kuli nkhalamba zimene zingatiuze zambiri. Mgwirizano wa Kenya, Tanzania ndi Uganda, wa East African Community, unali ndi njanji, madoko, ndege ndi mapositi zoyendetsera limodzi. Mu 1977 unagwa. Anthu zikwizikwi amene ankagwira ntchito m'mabungwe amenewo anadzuka alibe bwana. Mayiko atatuwa anagawana katundu ndi ngongole mu 1984, koma ndalama za antchito zinasanduka mlandu wa zaka makumi. Ku Tanzania, boma linafika pogwirizana ndi antchito akalewo za malipiro mu 2005, patapita zaka 28, ndipo ngakhale pambuyo pake okalamba ankachitabe zionetsero m'misewu ya Dar es Salaam ponena kuti anawapatsa zoperewera. Ambiri anamwalira asanaone kalikonse. Ife Amalawi sitifunika kufotokozeredwa ululu umenewu. M'midzi mwathu muno muli madala amene anakagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera ku TEBA, amene akhala akusunga mapepala awo m'chikwama chapulasitiki, kumva mphekesera iliyonse yoti ndalama zabwera, n'kukwera basi kupita kuboma pachabe. Nawonso antchito a njanji ya TAZARA, ya Tanzania ndi Zambia, anyanyalapo ntchito kangapo chifukwa chokhala miyezi osalandira malipiro, boma lililonse likuyang'ana linzake.

Ndiye tifunse lero, bungwe la Songwe likadali lamoyo ndi lathanzi: likadzatha, kapena dziko limodzi likadzatulukamo, penshoni ya antchito adzalipire ndani? Lamulo lathu la penshoni limakakamiza wolemba ntchito kuika 10 peresenti ya malipiro, wantchito n'kuikapo 5 peresenti. Mmalawi wa ku Kyela ali pansi pa lamulo limeneli, kapena la ku Tanzania, kapena la bungwelo? Yankho lililonse lingakhale labwino malinga likhale lolembedwa, ndipo ndalamazo zikhale m'thumba lapadera limene ngakhale nduna sizingatapemo kulipirira misonkhano. Palinso funso la mtundu wa ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Anthu awiri okhala pa desiki imodzi, ogwira ntchito yofanana, sayenera kusiyana malipiro chifukwa choti wina ndalama ya kwawo yagwa. Kusiyana koteroko ndi kumene kumabala nsanje, ndipo nsanje ya mu ofesi ya mayiko awiri sichedwa kuvala mbendera.

Koma ndikanakhala wopanda chilungamo ndikanangolira za antchito okha. Damu limamiza minda, manda ndi midzi. Pomanga damu la Kariba m'zaka za m'ma 1950, anthu a mtundu wa Chitonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha Zambezi, ndipo zidzukulu zawo zikudandaulabe kuti magetsi anapita ku migodi ndi kumizinda, iwo n'kutsala pa nthaka youma. Ku Songwe nakonso kudzakhala osamuka, kudzakhala kuyeza minda, kuwerenga nthochi ndi mitengo ya mango, kulemba mayina a oyenera chipukuta misozi. Mayi wamasiye amene dzina lake ladumphidwa pa mndandanda, kapena amene munda wake wa mpunga auyeza mopereweza, adzasumira ndani? Akadzauzidwa kuti bungweli silikhudzidwa ndi khoti, ndiye kuti chitetezo chija tachisandutsa chida chopondera osauka, ndipo ine sindidzachiikira kumbuyo.

Dziko lapansi likuchoka kale ku maganizo oti bungwe la mayiko ambiri silingafunsidwe. Ku Haiti, kolera imene inabuka mu 2010 kuchokera ku msasa wa asilikali a United Nations inapha anthu zikwizikwi, ndipo ofedwa atasuma ku makhoti a ku America anabwezedwa chifukwa cha chitetezo cha bungwelo. Mlembi wamkulu Ban Ki-moon anadzapepesa mu Disembala 2016, koma manyazi ake sanachoke. Mu 2019 bwalo lalikulu la ku America linagamula pa mlandu wa asodzi a ku Gujarat, ku India, amene ankadandaula kuti malo opangira magetsi a malasha awononga usodzi wawo, kuti nthambi ya World Bank yobwereketsa ndalama ku makampani ilibe chitetezo chopanda malire. Asodzi a ku Chilumba amvetsetse nkhani imeneyi, chifukwa chilichonse chochitika kumtunda kwa Songwe, matope kapena mankhwala a m'minda ya mthirira, chidzafika m'nyanja. Pangano la Songwe linene momveka kuti pa nkhani za malo, chipukuta misozi, ngozi ndi kuwononga chilengedwe, munthu wamba ali ndi khoti lopitako m'dziko lake lomwe.

Nanga katangale? Ku Lesotho, pa ntchito yaikulu ya madamu yochokera m'pangano la 1986 ndi South Africa, mkulu woyendetsa ntchitoyo, Masupha Sole, anapezeka wolakwa mu 2002 pa mlandu wolandira ziphuphu kuchokera ku makampani akunja, ndipo anapita kundende. Makampani ena anaweruzidwanso. Zinatheka chifukwa khoti la dziko laling'onolo linali ndi mphamvu pa iye. Ife amene tinaona ndalama za boma zikutuluka ku Capital Hill m'mabuti a magalimoto mu 2013 sitingalole kuti pakhale ngodya ina imene mabungwe olimbana ndi katangale, ACB ya kwathu ndi TAKUKURU ya ku Tanzania, sangafikeko. Kulandira chiphuphu si ntchito ya bungwe, choncho sikungatetezedwe. Malamulo anene kuti mlembi wamkulu ali ndi udindo, osati ufulu chabe, wochotsa chitetezo cha wantchito amene akufufuzidwa, ndipo ngati wofufuzidwayo ndi mlembi wamkuluyo, nduna zichite zimenezo m'masiku owerengeka. Komanso wantchito amene waulula zachinyengo atetezedwe kuposa wina aliyense, chifukwa ndiye amene amachotsedwa ntchito poyamba.

Za kayendetsedwe ndinena mwachidule. Pamwamba pa bungweli pali nduna za mayiko awiriwa, pansi pake komiti ya akuluakulu a m'maunduna, kenako ofesi ya mlembi wamkulu. Dongosolo lotereli ndi lofala. Bungwe la mtsinje wa Zambezi, la ZAMCOM, limene pangano lake linasainidwa ku Kasane mu 2004 ndipo likulu lake lili ku Harare, limayendanso chimodzimodzi. Chofooka chake n'chakuti onse okhala pa mipandoyo ndi a boma. Nduna zimasinthidwa, alembi a maunduna amasamutsidwa, ndipo mlimi wa mpunga wa kilombero amene mtsinjewo umamudyera munda amangomva zomwe zagamulidwa. Makhonsolo a Karonga ndi Chitipa, mafumu a m'chigwacho kuyambira kwa Kyungu, ndi magulu a alimi ayenera kukhala ndi mpando wokhazikika, osati kuitanidwa tsiku la mwambo kudzavina. Mabuku a ndalama aziwerengedwa chaka chilichonse ndipo lipoti lizifika ku Nyumba ya Malamulo ya dziko lililonse. Ntchito zizilengezedwa m'manyuzipepala a mayiko onse awiri, anthu azilembedwa poona maphunziro ndi luso, ndipo mlembi wamkulu asachotsedwe chifukwa boma lasintha kwawo.

Ndipo boma lathu lizipereka gawo lake la ndalama pa nthawi yake. Likulu lili kale kutsidya. Tikamachedwanso kusonkha, mawu athu patebulo amachepa, ndipo ana athu ogwira ntchito kumeneko ndi amene amayenda chowerama pamaso pa anzawo.

Wina angafunse kuti bwanji osangokhulupirira kuti akatswiri a malamulo a maboma awiriwa anaziganizira zonsezi. Ngati anaziganizira, palibe chovuta: azibweretse poyera. Pangano la 2017, mgwirizano wa bungweli ndi dziko limene likulisunga, ndi malamulo a antchito si zinsinsi za asilikali. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2020, ndipo zikalata zimenezi n'zoyenera kupezeka ku ofesi ya bwanamkubwa ku Karonga ndi ku Chitipa, zitamasuliridwa m'zilankhulo zimene anthu a m'chigwacho amalankhula, n'kuwerengedwa pa mawayilesi a m'madera. Mnyamata asanasaine kalata ya ntchito adziwe kuti akalakwiridwa apita kuti. Mayi asanalole kuti ayeze munda wake adziwe kuti akamunyenga adandaula kwa yani.

Ndimalifunira zabwino bungwe limeneli pa chifukwa chinanso. Ndi malo amodzi amene Malawi ndi Tanzania akuyendetsa madzi limodzi, pansi pa denga limodzi, ngakhale nkhani ya nyanja isanathe. Likayenda mwachilungamo, lidzakhala umboni woti tsiku lina tingathe kukhala ndi bungwe lotere loyang'anira nsomba, sitima ndi chitetezo cha asodzi panyanja yonseyi, pamodzi ndi Mozambique. Likadzadza ndi madandaulo a antchito osalipidwa ndi alimi olandidwa minda, aliyense wokana mgwirizano adzaloza ku Songwe.

Choncho ndikupempha aphungu athu a m'maboma a Karonga ndi Chitipa, posayang'ana chipani: Nyumba ya Malamulo ikakumananso, imirirani mufunse nduna yoona za madzi kuti ibweretse zikalata zitatuzo pamaso pa Nyumbayo. Funsani kuti wantchito wa bungwe la Songwe akachotsedwa mopanda chilungamo amakadandaula ku bwalo liti, penshoni yake ikusungidwa kuti, ndipo mlimi wosamutsidwa adzasumira ku khoti liti. Pamene yankho likupereweza, uzani boma likakambirane ndi Tanzania kuti pakonzedwe tsopano, makina okumba damu asanafike. Inunso mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'madera, kuyambira kwa Wasambo mpaka kwa Mwakaboko, akuluakulu a bungweli akadzabwera kudzakuuzani za magetsi ndi mthirira, alandireni bwino, koma musawalole kunyamuka asanayankhe mafunso atatu amenewa.